Njere Ziwiri za a Obadiah Sakala

Ku Chimwemwe, komboni ya ku Kitwe, munthu akaona a Obadiah Sakala akupisa dzanja m'thumba la jekete, ankakumbukira msanga kuti ali ndi kopita. M'thumbamo munkakhala kabokosi ka machesi kopanda machesi. Munali njere ziwiri basi, ya mpiru ndi ya fodya.

Njerezo ndizo zinawadyera ubusa. Chaka cha ufulu, ali ku seminale ku Ndola, mphunzitsi wachizungu anawerenga mawu a Yesu akuti kambewu ka mpiru n'kakang'ono koposa mbewu zonse. A Sakala, mwana wa mlimi wa fodya wa ku Katete, anakweza mkono.

"Abusa, nanga fodya?"

"Fodya ndi tchimo."

"Inde, koma njere yake munaionapo?"

Sabata yotsatira anabwera nazo zonse ziwiri. Ya fodya inali ngati fumbi, mzungu mpaka anavala magalasi awiri. Tsono pomaliza maphunziro aliyense ankasaina pepala lovomera kuti m'Baibulo mulibe cholakwika ngakhale chimodzi. Anzawo anasaina. A Sakala anagwira cholembera, dzanja linakana.

"Tenga pepalali," anatero mzunguyo. "Ukadzasaina, udzabwere."

Musaganize kuti anali munthu wachikunja. Ankaopa Mulungu kuposa tonsefe. Kusaina kunali kunama, kusasaina kunali kutsutsa Ambuye, ndipo pakati pamenepo anakhalapo zaka khumi ndi zinayi, mtima ukuwawa. Ankangofuna munthu mmodzi woti awamasule.

Analowa ntchito ya mgodi ku Kitwe, mkuwa uli pa mtengo, nakapeza mpingo wosatha kuthawa: anthu opanikizana m'keji, chikepe chotsikira pansi. Chitseko chikangotsekedwa, kabokosi katuluka. Abemba anaphunzira Chinyanja mosafuna.

Tsiku lina keji inaima pakati pa njira. Pafupi nawo panali a Jairus, mkulu wa Mboni za Yehova, katswiri wogogoda pa makomo a anthu.

"Mukwai, Yesu ankanena mbewu za kwawo," anatero a Jairus, atayamba ndi mawu aulemu a Chibemba.

"Ndiye fodya wa ku Katete sankamudziwa? Anamulenga ndani?"

"Tidzakambirana Sande."

"Mukupita kuti? Unikani apa ndi nyali yanuyo."

Patatha maola awiri a Jairus anali kugogoda chitsulo cha keji ndi chipewa, kupempha kuti awatulutse.

Akazi awo, a Lenia, amene anakwatiwa poganiza kuti adzakhala mayi busa, anatopa nazo.

"Ingosainani, bambo. Adzayeza njere ndani?"

"Ine," anayankha mwachisoni, osaseka.

Chinawatenga a Sakala ndi chifuwa. Atafooka anaitana a Lenia n'kuwauza kuti kabokosi akakaike m'thumba la jekete yowaveka m'bokosi.

"Ndikukafunsa Mwini wake. Muikemonso pepala lija, ndi cholembera. Akangondiyankha, ndisainira pomwepo."

A Lenia anaika zonse. Cholembera anayamba achiyesa pa dzanja kuti aone ngati chikulemba.

Ku maliro a Jairus anati akumvera chisoni angelo a pa chipata, anthu n'kuseka, kenaka iwo omwe n'kulira. Masiku ano chitseko cha keji chikatsekedwa palibe woyankhula. Amuna makumi anayi amatsika ali chete, akumva kulira kwa chingwe, ndipo tsopano ndi pamene adziwa kuti pansi paja m'patali, n'poopsa.