A Stafford ndi Chiperoni cha pa Thanki

Pa Mwanza Boma panali munthu mmodzi amene ankaperekedwa tsiku lililonse, m'mawa ndi masana omwe, ndipo munthuyo anali a Stafford. Enafe zinthu zimangotiwonongekera, koma iwo ayi. Kwa iwo chinthu sichinkathyoka, sichinkatha, sichinkachita dzimbiri. Chinkawapereka. Ambulera ikatembenuka ndi mphepo, ankaiyang'ana ngati mbale wawo amene wakawanenera kupolisi.

"Iwenso? Ndakusunga kuseri kwa chitseko chilimwe chonse, lero ukundichititsa manyazi pagulu?"

Wailesi yawo inali Yudasi. Lamba wa buluku anali Yudasi. Tambala wawo amene tsiku lina anakalirira pakhomo pa eni ake anaweruzidwa tsiku lomwelo, ndipo chigamulo chake chinadyedwa ndi mpunga.

Ali mnyamata anagwirako ntchito m'galaja ina ku Tete. Iwo ankati ankapenta galimoto za mabwana. Akazi awo, mayi Esime, ankati ankangogwira paipi ya mpweya mwini ntchito akupenta. Kaya zoona ndi ziti, koma anabwerako ndi gani yopopera penti, kompuresa yotsokomola, ndi mawu atatu a Chipwitikizi omwe ankatuluka okha akakwiya. Kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa mtengo wa nachesi, ankapenta mageti, mafelemu a mawindo ndi mawilibala.

Amene anawadziwa bwino kuposa tonse ndi Langton, woyandikana nawo nyumba, bambo wa ana atatu, wakabaza wa njinga yamoto. Langton anali ndi kasitomala mmodzi wodalirika, mayi Betty, amene ankakonza mapepala a mathiraki ku bodala. M'mawa kuwapititsa, madzulo kukawatenga. Masiku amene pa siteji panalibe anthu, ana a Langton ankadya chifukwa cha mayi amenewa.

Tsiku lina akutsika, mayi Betty anapukuta siketi yawo n'kunena mosapsatira.

"A Langton, anzanga ku ofesi akumandifunsa ngati ndimabwera pa khasu. Njinga yanuyi yaperepeseka. Muikonze, apo ayi ndiyamba kukwera ina."

Langton anafika kunyumba mutu uli pansi, n'kuwafotokozera a Stafford kudzera pampanda.

"Bweretsa kuno," anatero madalawo. "Ikachoka m'manja mwangamu, mayiwo azidzapempha okha kujambulitsa nayo."

"Koma madala, munapentapo njinga yamoto?"

"Ukundifunsa ine? Ine wa ku Tete?"

Anamasula thanki ndi zotchinga za m'mbali. A Stafford anapala, anatsuka, anapopera penti yofiira. Kunena zoona inakhala bwino. Chinatsala ndi kiliya, mankhwala oonekera ngati madzi aja amene amapopera pamwamba kuti penti iziwala. Munali mu July, manachesi atadzaza misika, ndipo m'mawa wa tsiku la kiliyalo kunacha ndi chiperoni. Mvula yowaza, nkhungu mpaka pakhonde.

"Madala, bwanji tidikire dzuwa?" anafunsa Langton.

"Dzuwa ndi la anthu ochapa zovala. Yatsa kompuresa."

Anapopera kamodzi, kawiri, kachitatu n'kuwonjezera kuti iwale kwambiri. Pofika masana thanki ija inali itayera mbuu, ngati wina waithira phala la ana n'kuiwala kupukuta. Kufiira kunalipo, koma kunkaoneka patali, ngati munthu waima kuseri kwa katani.

Langton anakhala pa njerwa. Atawauza a Stafford kuti thanki yachita nkhungu, madalawo anayamba kusaka wolakwa. Woyamba anali wa ku Zobue wogulitsa thinazi, mankhwala osungunulira penti aja, amene ankati anathiramo madzi. Wachiwiri chinali chiperoni chenichenicho, chomwe chinalowa m'dziko popanda chiphaso. Wachitatu anali mayi Esime.

"Amake Tiyamike, munaphikiranji mbatata nthawi imene ine ndikupopera? Nthunzi yanu ndi imeneyi!"

"Khitchini ili uko, inu muli kuno," anayankha mayiwo osatembenuka. "Nthunziyo inakwera minibasi?"

M'mawa mwake Langton anabwezera thanki pa njinga, poti ntchito sinkadikira. Pa siteji anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anati njingayo yagwa ng'ala. Wina anafunsa ngati yadwala chikanga. Mayi Betty anafika, anayang'ana thanki, anayang'ana Langton, n'kukwera njinga ya munthu wina. Zimenezo n'zomwe zinamupweteka kwambiri Langton.

Madzulo a tsiku limenelo Langton anazemba n'kupita ku galaja ina ya kumsewu wa ku Blantyre, kwa wopenta galimoto wotchedwa Dunstan. Dunstan anasisita thanki ndi chala n'kupukusa mutu.

"Mwapopera kunja kuli chinyontho, basi. Osaipala yonse. Isiyeni iume mlungu wathunthu. Kenako sandipepa wosalala, wa 1500, womviikidwa m'madzi a sopo. Pang'onopang'ono, osakanikiza, ndipo m'makona osafikamo. Mukatero wa 2000. Idzaoneka yoipa kuposa pano, musadzachite mantha. Pomaliza kompaundi, mankhwala owalitsira aja, ndi kansalu kofewa, kupukuta mpaka mkono utope."

Koma pa Mwanza chinsinsi chimayenda msanga kuposa thiraki yopanda katundu. Langton asanafike n'komwe kunyumba, a Stafford anali ataima kale pampanda, manja kumbuyo.

"Wachokera kuti, Yudasi wamkulu?"

"Madala, ndimangofunsa nzeru."

"Kwa Dunstan! Mwana amene ndinamuona akuyenda opanda kabudula! Ambulera inandipereka, ndinapirira. Wailesi inandipereka, ndinapirira. Koma iwe, amene umadya manachesi a mtengo wanga?"

Masiku asanu ndi limodzi sanamulankhule. Akakumana panjira ankapereka moni kwa mbuzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri kunacha ndi dzuwa, ndipo anamuitana ndi mawu a munthu amene wakhululuka zambiri.

"Bweretsa thanki ija. Ndaganiza ndekha chochita. Tidzatenga sandipepa wa 1500, timviike m'madzi a sopo..."

"Kenako wa 2000," anatero Langton.

"Usandiphunzitse ntchito."

Anakhala pansi pa mtengo, beseni pakati. Madzi a sopo ankayenderera oyera ngati mkaka. Atamaliza sandipepa, thanki inaoneka yakufa kotheratu. Koma atapaka kompaundi n'kuyamba kupukuta mozungulira, kufiira kunayamba kutuluka. Poyamba kadera kakang'ono ngati chikhatho, kenako mbali yonse. Langton anawerama n'kuona nkhope yake, mano ake, ndi masamba a nachesi pamwamba pa mutu wake. Anafuna kulira ndi chimwemwe.

"Madala, taonani! Yatheka!"

A Stafford anabweretsa nkhope pafupi, anatsinzina diso limodzi, n'kugwedeza mutu.

"Idakali ndi nkhungu."

"Nkhungu iti? Ikuwala ngati galasi!"

"Ndati idakali ndi nkhungu. Pita ukatunge madzi ena."

Langton anapita kumpopi. Pobwera anapeza madalawo atatenganso sandipepa, akukhula pamwamba penipeni pa thanki ndi mphamvu zawo zonse. Kiliya anali atabooka, penti yofiira itapita, ndipo pakati panali chigamba chotuwa chachikulu ngati dzira.

Chidebe chinagwa m'manja mwake. Langton, amene sanakwezepo mawu kwa munthu wamkulu, anawagwira dzanja n'kukuwa.

"Mukundipha! Kasitomala wanga wapita, anzanga akundiseka, ana anga akudya mbatata zokhazokha, ndiye chinthu chatheka inu mukuchiwononganso? Ndinakulakwirani chiyani?"

A Stafford sanayankhe. Aka kanali koyamba m'mbiri ya Mwanza. Amene analankhula anali mayi Esime, ataima pakhomo la khitchini.

"Muuzeni, abambo. Mukapanda kumuuza ndimuuza ine."

Madalawo anaika sandipepa m'beseni mosamala.

"Langton, mphwanga," anatero motsitsa mawu, "kwa ine chiperoni chinayamba chaka chatha ndipo sichinachoke. Iweyo pamene waimapo ndikukuona ngati uli m'thumba la pulasitiki."

Langton anawayang'ana m'maso, ndipo anaona zomwe akanaziona kalekale: timadontho toyera pakati pa maso onse awiri. Mkwiyo sunathe nthawi yomweyo. Unangosintha malo.

"Ndiye munalandira njinga yanga, chakudya cha ana anga, mukudziwa kuti simukuona?"

"Ndikanakuuza ukanabweretsa?"

"Ayi."

"Nanga ndani akanabweretsanso kanthu? Ndikanangokhala pakhonde, anthu n'kumandipatsa moni wa odwala."

Kenako a Stafford anapukuta manja pa buluku.

"Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu ndikuwasambitsa m'mawa uliwonse," anatero, akuloza maso awo. "Awa ndiye a Yudasi enieni."

Pachigamba paja Langton anamatapo sitika ya timu ya mpira imene sankaikonda n'komwe. Mayi Betty anabwerera patatha masiku awiri. Anakonza duku lawo akudziyang'ana m'mbali mwa thanki, n'kukwera ngati palibe chinachitika.

Mu September kutabwera madokotala a maso kuchipatala, Langton anawakweza madalawo panjinga, iwo akukana njira yonse. Anawachita opaleshoni, ndipo tsiku lomasula bandeji tonse tinkayembekezera kuthokoza. A Stafford anatuluka, anayang'ana uku ndi uku, nkhope n'kuyamba kuda.

"Malaya awa ndakhala ndikupita nawo kutchalitchi? Ndi kolala yotereyi? Ndipo palibe anandiuza?" Anatembenukira kwa akazi awo. "Amake Tiyamike, imvi zonsezi mwamera liti osandidziwitsa?"

Atafika panjinga anamatula sitika ija ndi chikhadabo, n'kuona chigamba.

"Mbuli yanji inachita izi?"

"Wopenta wina wa ku Tete," anayankha Langton.

A Stafford anaikonza thanki ija mlungu womwewo, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mpaka lero palibe angaloze pamene panali chigamba.

Anakhala zaka zina ziwiri akuona chilichonse ndi kudandaula nacho. Anamwalira chaka chatha, atangodwala masiku anayi. Pamaliro panadzaza njinga zamoto kuyambira pakhomo mpaka kumsewu, ndipo anthu ankayamba kulira n'kumalizira kuseka, aliyense akufotokoza tsiku limene anatchedwa dzina lija la Yudasi.

Masiku ano kumbali kwathu kuno kuli zii. Zinthu zimangowonongeka mwakachetechete, popanda wozifunsa mlandu. Mwezi wathawu Langton anapita kukawaona mayi Esime, n'kuwapeza atakhala pakhonde, manja pamiyendo.

"Mukupeza bwanji, mayi?"

"Zaka makumi anayi ndinkapempha Mulungu kuti pakhomo pano pakhale bata tsiku limodzi lokha," anatero mayiwo. "Dzulo ndinapsereza nyemba dala. Ndinaziika patebulo, n'kukhala pansi kudikira. Mpaka zinazizira."