Kalembera wa ulendo wa ku mwezi

Ndiyambe ndi mfundo, monga anandiphunzitsira ku nyuzipepala: palibe anavulala, palibe anamangidwa, ndipo mbuzi ya mayi Nachisale inabwerera kwa mwini wake. Zotsalazo ndi manyazi anga, ngakhale kunena zoona manyaziwo ndimayenda nawo monyadira.

Ndinagwira ntchito ya utolankhani zaka zambiri ndisanabwerere kwathu kuno kwa Malemia, ndipo mpaka lero anthu amanditchula kuti a Nyuzi. Mbiri yanga ndi imodzi: sindilemba chinthu chomwe sindinachitsimikize.

Tsiku lina mwana wanga wa ku Blantyre ananditumizira chidziwitso pa foni. Gulu lina la alembi linkafuna nkhani zopeka za sayansi ndi za maiko ongoganizira, zolembedwa m'Chichewa. Olemba ankayenera kuwerenga nkhani zawo pamaso pa oweruza mu holo ina konkuno ku Domasi, Loweruka m'mawa. Atatu opambana akaphunzira kwa sabata yathunthu ndi akatswiri, ndipo nkhani zawo zilowa m'buku. Dzina langa linali litatuluka m'nyuzipepala kambirimbiri, koma nyuzipepala ikagona tsiku limodzi amakulungira usipa pa msika wa Songani. Ine ndinkafuna buku.

Nkhani ndinaipeza msanga. Minda yatha m'chigwa muno, ndiye chombo cha m'mlengalenga chitera pa bwalo lathu la mpira n'kutenga anthu khumi ndi awiri kukatsegula minda ku mwezi. Wolemba wanzeru akanangokhala pansi n'kulemba. Koma ine ndinadzifunsa: kodi chombocho chingakwane pa bwalolo?

Lolemba ndinabwereka tepi ya mmisiri womanga nyumba n'kukayeza bwalo, m'litali ndi m'lifupi, kawiri konse. (Chinakwana, n'kutsala malo oimikapo njinga.) Amayi ochokera ku mtsinje anaima ndi mabeseni pamutu n'kumandiyang'ana. Sindinalabadire.

Lachiwiri ndinatenga kope ndi bolopeni kukafunsa anthu, poti sindikanalola kuti munthu wa m'nkhani yanga alankhule zomwe munthu weniweni sangalankhule. Woyamba anali mayi Nachisale, mayi wamasiye wolima kadimba ka m'mbali mwa mtsinje.

"Mayi, atati akusamutseni kukakupatsani munda ku mwezi, mungatenge chiyani?"

"Munda wake waukulu bwanji?"

"Maekala awiri, tinene choncho."

Anapukuta manja pa chitenje. "Lembani khasu, mbewu ya chimanga cha makolo, ndi mphika. Dzina mukulidziwa. Mulembe bwinobwino, ulendo wa makuponi anandidumpha."

Ndinalemba, ndipo ndinawafotokozera momveka kuti iyi ndi nkhani yopeka chabe. Anagwedeza mutu n'kumwetulira ngati tapangana chinsinsi.

Apa ndi pomwe mtolankhani wodziwa ntchito akanayenera kukumbukira mfundo imodzi ya kwathu kuno. Munthu akayeza malo dzulo, lero n'kumayenda ndi kope akulemba mayina, ameneyo ndi kalembera. Ndipo aliyense amene analembapo mayina a thandizo m'dera lino amayamba ndi mawu omwewo akuti palibe chilichonse, poopa kuti anthu angachuluke. Komanso anthu sanaiwale kuti kale ena anasamutsidwadi kukapatsidwa minda kwina.

Lachitatu m'mawa ndinapeza anthu atakhala pakhonde ndi ziphaso m'manja. Patsogolo panali Che Adamu, ogulitsa nsomba zouma, munthu amene sanachedwepo pa mzere uliwonse.

"A Nyuzi, za mwezizo tamva, ndipo tikumvetsa. Nafe tikadabisa. Ingotiuzani, ndi cha ku Machinga kapena kupitirira?"

"Che Adamu, ndi nkhani yopeka. Bodza lolemba mwadala."

"Inu? Bodza?" Anatembenukira anzawo, onse n'kuseka. "Munthu munakana kulemba kuti mvula inagwa usiku chifukwa munali mtulo!"

(Zimenezo n'zoona. Ndinalemba kuti m'mawa pansi panali ponyowa.)

Mkazi wanga anandiitanira kuseri kwa nyumba. "Bambo, ng'ambani kopelo anthuwa akuona, zithe."

Sindinang'ambe. Mayankho awo anali abwino kwambiri moti kuwataya kukanakhala kulakwa. Ndinalemba mayina khumi ndi awiri, n'kunena kuti chombo chadzaza. Atandifunsa tsiku, ndinayankha zoona zokhazokha: zonse zidziwika Loweruka ku holo.

Loweruka ndinavala jekete n'kunyamuka wapansi. Nditafika pa msewu ndinamva mapazi pambuyo. Anthu khumi ndi awiri, ndinawawerenga. Makasu paphewa, mphasa zokulunga, mitolo pamutu. Che Adamu ananyamula sikelo. Mayi Nachisale anavala zovala za kutchalitchi, ndipo anandiuza mokondwa kuti mbuzi yawo akaisungitsa kale kwa alamu awo ku Malosa.

Ndinayesanso kufotokoza. Anati tikamva kwa mabwanawo.

Mu holo munali alembi achinyamata, ambiri ndi mafoni m'manja, ndi oweruza atatu pa tebulo. Wamkulu wawo, mayi wovala magalasi, anayang'ana makasu aja akulowa limodzilimodzi.

"Bambo, anthu awa ndi ndani?"

"Ndi anthu a m'nkhani yanga, mayi."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Mayi Nachisale okha sanaseke. Anayang'ana oweruza, anayang'ana achinyamata aja, kenako anayang'ana ine, n'kutula mtolo wawo pansi pang'onopang'ono.

"A Nyuzi, ndiye kuti minda kulibe?"

"Kulibe, mayi. Paja ndinanena."

"Munanena, inde. Koma munalemba."

Pa zaka zanga zonse za ntchito, palibe mkonzi anandidzudzulapo mwachidule chotero. Ndinafuna kupinda mapepala n'kutuluka, buku likhale. Koma mayiwo anakhala pa benchi yakutsogolo, n'kukonza duku lawo.

"Werengani basi. Tayenda kale. Timve ngati tinakafika."

Ndinayamba kuwerenga. Chombo chitatera pa bwalo, holo yonse inatchera khutu. Chitanyamuka, n'kumaoneka phiri la Malosa likuchepa ngati chulu, wina kumbuyo anati, "Ogo!" Koma titafika ku mwezi, anthu anga anayamba kundikonza.

"Imani kaye," anatero mayi Nachisale. "Mwabzala chimanga chokha? Nandolo mulibe? Ndiwo tikadya chiyani, miyala?"

"Komanso ine simungandiike pafupi ndi khomo," anatero Che Adamu. "Ndimachita chizungulire ngakhale mu minibasi."

"Inu khalani chete, mwapita ndi sikelo kumene kulibe nsomba!" anawabweza mayi Nachisale.

Ndinatulutsa bolopeni n'kukonza pomwepo, nandolo n'kulowa, Che Adamu n'kusamukira pakati. Pofika pomwe mbewu yoyamba inamera pansi pa denga la galasi, mayi Nachisale anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo pomaliza analiza nthungululu mpaka oweruza anadzidzimuka.

Mayi wa magalasi uja ananena kuti alembi ambiri anabwera ndi zombo zokongola zopanda anthu, koma m'chombo changa munali anthu odziwa chimene akufuna kudya. Ndinakhala wachiwiri mwa atatu aja. Ndikubwereza, poti ndi mfundo: wachiwiri.

Chilango changa chinali mbuzi. Mawa lake titaweruka ku tchalitchi ndinakaitenga ndekha ku Malosa, n'kuikoka pa chingwe m'mbali mwa msewu wa Liwonde, ikukana kuyenda ngati yamva mbiri yanga. Makondakitala a minibasi ankatulutsa mitu n'kumakuwa kuti, "A Nyuzi, imeneyo ya ku mwezi?"

Ku maphunziro kuja anatiuza kuti wolemba nkhani zopeka azipeka ndi mayina omwe, ndipo asamayende ndi tepi. Ndinalemba zimenezo n'kudula mzere kunsi kwake. Koma nditayamba nkhani yachiwiri, yokatsegula dimba pansi pa nyanja ya Chilwa, mayi Nachisale anafika pakhonde m'mawa, chiphaso chili m'manja.

"Ndamva kuli ulendo wina. Ndikudziwa kuti ndi bodza, musavutike kunena. Koma mukandidumpha, tidana."

Ndinatsegula kope. Ali pa nambala wani.