Tsiku Limene Apongozi Anasowa mu Kanema

Mpaka lero apongozi anga akamva mawu oti kompyuta amayang'ana kumbali, ndipo sindiwadandaula.

Pa ukwati wa mlamu wanga ku Fonte Boa, wojambula kanema ndinali ine. Mawa lake ndinayenera kumukonza kuti achibale a ku Dedza aonere asanakwere shapa, minibasi ya kwathu kuno, madzulo. Koma kakompyuta kanga kanati ntchitoyo itenga tsiku lonse.

Ndiye ndinaganiza mwanzeru (ndi mmene ndinkadzionera). Ngati imodzi ikufuna tsiku, khumi zingofuna kanthawi kochepa. Ndinathamangira ku chipinda cha makompyuta kusukulu kumene ndimaphunzitsa, n'kudula kanemayo zidutswa khumi, kompyuta iliyonse chake.

Mnzanga wophunzitsa masamu anandipeza ndili jijirijijiri.

"Apulofesolo, dzulo mumaopa kuti imodzi ifa. Lero mukuopa khumi."

"Mutu umodzi susenza denga," ndinamuyankha monyada.

"Zoona. Koma mmodzi akapunthwa, osenza onse amaima."

Sindinamve. Zisanu ndi zinayi zinamaliza bwinobwino, koma ya pakona inangoti thii! Ndinasamutsira chidutswa chake pa ina, n'kuyambiranso pachiyambi. Nayonso inatentha, n'kuzima ili pafupi kumaliza. Zinzake zonse zinangokhala phee kudikira, ngati anthu odikira mtsogoleri wa nyimbo. Komanso kulumikiza zidutswazo ndi ntchito ya kompyuta imodzi basi, ngakhale mutabwereka za boma lonse la Angonia.

Dzuwa litapendeka ndinalumikiza zomwe zinalipo. Ndinati ndani angazindikire kachidutswa kamodzi?

Abale inu! Pabwalo anthu anadzaza, apongozi atakhala kutsogolo pakati pa azichemwali awo a ku Dedza, atawauza kale kuti muone mmene ndinavinira. Kanema anachoka kutchalitchi n'kudumphira pa keke. Chidutswa chosowacho chinali chija apongozi analowa m'bwalo akuvina, lichero lili pamutu, atavala chitenje chimene anachigula ku Domwe chifukwa cha ukwatiwo.

Kwathu apongozi sakalipira mkamwini maso ndi maso. Anatembenukira kwa mkazi wanga, n'kunena mofatsa:

"Tawafunsa bambo a kunyumba kwako, kodi ine ku ukwatiku kunalibe?"

Ndinachita manyazi osaneneka.

Mawa lake kakompyuta kanga kanagwira ntchito yonse kokha, pang'onopang'ono, osazima. (Mumtima ndimanenabe kuti zikanakhala makumi awiri mwina zikanatheka. Mnzanga uja akuti ndikanangochulukitsa maliro.)

Ndinapita naye kanemayo kwa apongozi, wathunthu. Anaonera mpaka kumapeto, akugwedeza phewa pang'ono. Kenako anauza mwana wawo:

"Wabwino ndithu. Koma ofunika kuona anapita dzulo."