Munda wa Luni m'Kabati ya ku Swords

Nkhani iyi akazi anga amaikamba paliponse pamene pali alendo, ndiye bola ndiikambe ndekha, manyazi andithere kumaso.

Ine ndine Zuze, ndimakhala ku Swords, kufupi ndi Dublin, ndimakolopa ku airport. Akazi anga a Tiyanjane atakhala ndi pathupi poyamba, chakudya chilichonse chinkabwerera. Tsiku lina ndinawapeza akulira m'khitchini.

"Chavuta n'chiyani, mayi?"

"A Zuze, ndikufuna luni wotendera. Wa amayi anga."

Luni ku Dublin. Ndinazungulira ma African shop onse, osapezeka. Mwamwayi apongozi anatitumizira njere ndi munthu wina amene ankachokera kumudzi. Koma unali November, dzuwa likungosuzumira ngati mlendo wamanyazi. Ndinaona kuti munda ukhala m'nyumba basi.

Ndinafunsa foni kuti luni n'chiyani pa Chingerezi. Inandiuza kuti ndi "common weed" wa ku Africa. Ndiye ndinalemba kuti "how to grow weed indoors, beginner". Ine wokulira m'kwaya, chamba pa Chingerezi ndinkachidziwa ndi dzina la Indian hemp la m'nyuzipepala. Zoti weed ndi chomwecho sindinkadziwa. Zithunzi zitabwera, masamba a zala zala, ndinati eya, luni wathu uja azungu amamukondanso.

Ndinalowa gulu lina la pa intaneti la alimi ake. Anthu aulemu ngati amenewo sindinawaonepo. Anandiuza kuti dothi likhale lopepuka, losasunga madzi, ndipo ndowa ndiiboole pansi. Ine pofuna kuonetsa chikondi ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, mpaka mbewu zinayamba chikasu. Wina anandilembera kuti, "Brother, ukuzimiza. Pisa chala m'dothi. Likauma ndiye thirira." Ndinamvera, zinadzuka.

Kenaka kunabwera tintchentche takuda ndi nsabwe kunsi kwa masamba. Anandiuza za timapepala tachikasu tomata ndi madzi a sopo pang'ono. Ndinagulanso nyale ya purple, ndi kuika munda wonse m'kabati ya kuchipinda, pafupi ndi windo.

Nditatumiza chithunzi, wina anati mtundu umenewu sanauonepo, n'kufunsa dzina lake. Ndinayankha monyada kuti ndi wa ku Malawi weniweni. Gulu lonse linanjenjemera ndi ulemu.

Ndinawonjezera kuti ndikulimira akazi anga oyembekezera.

Apa anthu aja anasintha. "Brother, please, usawapatse." Ine ndinawalimbitsa mtima kuti kwathu ngakhale ana a zaka ziwiri amadya, ndipo apongozi anga amalima kuseri kwa tchalitchi. Patangopita mphindi zochepa anandichotsa m'gulumo. Ndinaganiza kuti ndi nsanje.

Loweruka lina masana kunabwera Bambo Mfumu a ku parishi yathu, a kwathu ku Malawi, a ku Dedza. Anakana tiyi. Anakhala pampando, manja pamaondo, nkhope ya pamaliro.

"A Zuze, Mayi Nolan oyandikana nanuwa anabwera kwa ine. Akuti amakukondani, sakufuna kupita ku Garda, apolisi a kuno. Akuti akuona kuwala kwa purple pawindo panu, ndipo munawauza nokha kuti mukulima weed."

"Zoona, Bambo. Akukula bwino kwambiri."

Anatsinzina pang'ono. "Simukukana?"

"Ndikanirenji? Thukuta langa."

"Ndipo a Tiyanjane akudziwa?"

"Ndi amene anayambitsa. Akuti akapanda kulawa sagona."

Bambo anayang'ana akazi anga, anayang'ana mimba, n'kugwira kolona m'thumba.

"Mwana wanga, zimenezi zithere m'nyumba muno."

"Zithere muno bwanji, Bambo? Amayi atatu a m'kwaya andiuza kale kuti ndiwasungire. Inunso ndakuikirani wanu."

A Tiyanjane ndi amene anayamba kuzindikira. Anandilanda foni, n'kuwerenga zimene ndinkalemba m'gulu lija. Anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja limodzi pamimba, lina pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"A Zuze, weed ndi chamba. Milungu yonseyi mwakhala m'gulu la alimi a chamba. Mwawauza kuti amayi anga amalima chamba kutchalitchi."

Ndinafuna kulowa m'kabati momwemo ndidzitsekere.

Bambo anapempha kuti aone okha. Nditatsegula, anawerama, anathyola tsamba limodzi, analifikisa ndi zala, n'kununkhiza. Potembenuka, maso anali atanyowa.

"Luni," anatero motsitsa. "Amayi anga ndiwo omaliza kundiphikira, chaka chimene anatisiya. Sindinamudyenso."

Palibe anasekanso. A Tiyanjane anadzuka, anathyola masamba onse okhwima, anatenga peanut butter m'malo mwa nsinjiro. Ndiwo zake zinali zochepa, zosadzaza ndi kambale komwe. Tinagawana atatu. Akazi anga anadya mwakachetechete, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu chakudya chinakhazikika. Anandigwira dzanja pansi pa tebulo, nati, "Mbuli yanga yokondedwa."

Potsanzika, ndinawamangira Bambo timasamba totsala m'kapepala ka pulasitiki. Anati apita kaye kwa Mayi Nolan akawafotokozere. Koma titangotsegula chitseko tinawapeza mayiwo ali panja, akunamizira kupukuta windo lawo. Bambo anali akununkhizabe kapepala kaja, maso ali psuu ndi misozi ija, akumwetulira ngati mwana.

Bambo asanatsegule n'komwe pakamwa, Mayi Nolan anagwetsa kansanza, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kunena chapansipansi:

"Oh Father. Not you as well."

Chingerezi chotola pa foni, abale, chimakulowetsa m'munda wa eni ake uli ndi khasu paphewa.