Buku Lopanda Chikuto la Mlamu Wanga

Lolemba

Ntchito yapezeka! Chipumireni pa uphunzitsi, ino ndiyo yoyamba yofuna mutu.

Mlamu wanga Halima, mng'ono wa mayi a kunyumba kuno, akufuna kunyamuka Lamlungu kupita ku Joni kwa mwamuna wake. Zaka zinayi osaonana. Kumeneko kuli mayi wina wofuna wolera ana, koma akuti ayamba waimba foni Loweruka m'mawa kuti adzimvere yekha ngati Chingerezi chilipo. Mwamuna wanenetsa: ntchito ikakanika, ulendo palibe.

Halima analekezera Fomu 2. Chingerezi chake chili ngati injini ya boti ya Che Bwanali: kulira chimalira, koma mpaka ukoke chingwe kasanu.

Ndamupeza pakhonde ali ndi buku. Buku! Mtima wanga mbee. Ndayandikira. Chikuto palibe. Dzina palibe. Likuyambira pa tsamba 9. Analitola m'thumba la mapepala akale amene mkulu wake amakulungira mandasi ndi zitumbuwa. Nkhani yake: mlendo wapezeka atafa m'hotela, namwino wina wopuma ntchito akufufuza wakupha. Zoterozo basi. Wakhala nalo miyezi iwiri, chala pamzere, milomo ikugwedera. Watsala ndi masamba makumi anayi.

“Alamu, ine ndikuona kuti ndi wophika uja,” akutero.

Ndamulanda. Mwaulemu, koma ndamulanda. Ndati adzalitenga foni ikatha. Munthu wopita kunja sangaphunzire Chingerezi m'pepala la mandasi, pakhomo pali mphunzitsi wa ku koleji.

Mabuku a nthano oyenera wophunzira Chingerezi (wosankha: ine)

1. Lakuda lija la masamba mazana asanu ndi awiri, la banja lolimbirana nyumba ya makolo.
2. La nkhondo, magawo awiri.
3. La m'busa wokayikakayika.
4. La amalinyero. Ndife a kunyanja, limufika pamtima.
5. Lija tinalembera mayeso ku koleji.
6. Dikishonale. Si nthano, koma ndiwo siyenda popanda mchere.

Buku limodzi pa tsiku. Mawu atsopano makumi awiri m'kope. Cholembera chofiira ndachipeza, chikadalemba!

Lachiwiri

Ndatsegula sutikesi yachitsulo ya pansi pa bedi. Kunja ikadawala. Chikomekome cha mkuyu.

Kalembera wa m'katimo:

Nambala 2: gawo loyamba ndinabwereketsa mnzanga amene anasamukira ku Chiponde kalekale. Latsala lachiwiri. Nkhondo yafika kale pakati ndipo sindikudziwa akumenyana ndani.

Nambala 3: chiswe chaboola pamimba. M'busa akulowa m'tchalitchi pa tsamba 50 ali mbeta, akutulukira pa 300 ali ndi mkazi, ana atatu ndi ndevu.

Nambala 5: mulibe. Ndakumbukira tsopano kuti silinali langa.

Nambala 1: chiswe chinalawa pakona n'kusiya. Ngakhale chiswe!

Ndapereka Nambala 1. Halima walilandira ndi manja awiri, osati mwaulemu, koma kulemera. Chiganizo choyamba chili ndi mizere khumi ndi umodzi. Akafika kumapeto, chiyambi wayiwala, ayambirenso. Dzuwa lili pamutu wamaliza tsamba loyamba. Mawu atsopano: makumi anayi ndi asanu ndi limodzi. Kope la sabata lonse latsala theka.

“Alamu, munthu afa liti?”

Ndamufotokozera kuti m'mabuku enieni anthu safa msanga.

“Nanga tikudikira chiyani?”

Mafunso a Fomu 2.

Povundukula kutsogolo wapeza tikiti ya basi pa tsamba 12. Yachikasu, yofufuma, ya ku Zomba. Akufunsa kuti ndi ya ndani. Ndamutuma akamwe madzi.

Lachitatu

Nambala 1 tayamba taligoneka. Lero la amalinyero.

Ndimayesa nyanja ndi nyanja. Ayi. Ya azungu ili ndi zingwe makumi atatu, chilichonse ndi dzina lake. Dikishonale ikuti chingwe ichi ndi chomangira chinthu chakuti. Tikayang'ana chinthu chakuticho, ikuti ndi chomangidwa ndi chingwe chija. Tazungulira katatu ngati bwato lopalasa mbali imodzi.

“Kodi ana a mayi aja ali ndi sitima?”

Masana mayeso a foni. Ine ndine madamu, ndaima kuseri kwa chitseko, mawu ndawachepetsa. Ndamufunsa ngati amadziwa kusambitsa khanda. Wayankha kuti inde, kaputeni.

Ndakonza. Wabwereza, ndakonzanso. Chiganizo chilichonse ndachigwira pakhosi chisanafike pakati. Pofika ulendo wachisanu Halima sakuyankhanso. Akungoyang'ana cholembera chofiira.

Mayi a kunyumba, akukanda ufa wa mandasi, osandiyang'ana n'komwe: “Kabuku kake kaja ankaseka nako yekha, ankalankhula nako mokweza ngati wailesi. Tsopano nkhope ngati wamwa kwinini. Ndiye koleji imeneyo?”

Pofuna kumulimbitsa mtima Halima, ndamufotokozera mathero a Nambala 1. Apa ndiye kwathu! Ndaika mvula, ndaika kalata yotayika, ndakwatitsa mwana wamkazi wa m'nyumbamo ndi mlendo wokwera pa kavalo. Waomba m'manja. Ngakhale mkulu wake wasiya ufa.

Kope iwe sulankhula, ndiye ndikuuze. Nambala 1 sindinalimalize. Tikiti ija ndi yanga, ndipo pomwe ili ndi pomwe ndinatsikira. Nambala 2, 3, 4, chimodzimodzi. Ku koleji njira inali iyi: mutu woyamba, mawu a kuchikuto chakumbuyo, manotsi a mnzako, kenako pakamwa. Pakamwa Mulungu anandipatsa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza ana a eni ake kuti buku ili mukapanda kuliwerenga simunaphunzire.

Koma mabukuwo ndi abwino. Aliyense amatero.

Lachinayi

Wophunzira sanabwere. Akuti mutu. Mutu womwewo ndauona ukusenza dengu la usipa kupita kokayanika.

Chabwino. Ndatulutsa kabuku kopanda chikuto kuti ndilembe mzere pansi pa zolakwika zake, adzaone chifukwa chake ndinamulanda. Tsamba limodzi lokha.

Tsamba 30: zolakwika sindinapeze, koma namwinoyu ndi wochenjera.

Tsamba 65: azana yoitanira ku pemphero la masana yandipita. Sindinayimve ndi pang'ono pomwe. Mulungu andikhululukire.

Tsamba 90: tiyi wazizira, mwagwera ntchentche, ndamwa.

Chingerezi chake chachifupi, choyenda pansi. Anthu akupempha tiyi. Akupepesana. Akufunsa kuti mwana wagona kodi. Akuyankha foni! Pafupifupi mutu uliwonse wina akuyankha foni. Zonse zimene Halima akufuna Loweruka zili umu, ndipo ine ndamupatsa zingwe za sitima.

Komabe pa chinthu chimodzi walakwa. Si wophika. Ndi dokotala. Munthu wosalakwa savula magalasi nthawi iliyonse akafunsidwa za kiyi.

Ndamva mapazi a mayi a kunyumba. Mphunzitsi wa ku koleji kupezeka ndi pepala la mandasi? Ndaliponya m'thumba la mapepala lija, kwawo komwe linachokera, n'kutsegula Nambala 1 pamiyendo.

“Mwazondotsa,” akutero podutsa.

Mawa ndimubwezera Halima. Ndingomaliza kaye.

Lachisanu

M'mawa wonse ndili nalo kuseri kwa bafa. Ndafika tsamba 170, pomwe Halima anapinda kona. Namwino waitana anthu onse m'chipinda chodyera. Watseka chitseko. Nthawi ya pemphero la Juma yakwana. Ndalibisanso m'thumba, ndavala mkanjo, liwiro ku mzikiti.

Khutuba ya lero, ulaliki wa shehe, sindinganene kuti inali ya chiyani.

Potuluka, mayi a kunyumba ali pamalo pawo pansi pa mtengo wa mango, beseni latsala pang'ono kutha. Lachisanu ndiye tsiku lawo. Andipatsa chitumbuwa chotentha, chaulere, cha mwamuna wa pakhomo. Ndaluma. Ndayang'ana pepala.

Tsamba 198.

Mafuta alowerera, koma mzere umodzi ukuwerengeka. Namwino akuti: ndinadziwa kuti ndinu pamene munati... Potsatira pake pali chitumbuwa changa.

“Linali m'thumba la mapepala,” akutero mayi. “Pepala ndi pepala. Ndipo mukudziwa ndimayambira kumbuyo.”

Buku tsopano likuthera pa 172.

Masana onse ndayenda mudzi wathu wonse wa Nkope, mkanjo uli m'thupi, kufunsa amene wadya chitumbuwa lero. Zotsatira:

Tsamba 185: Che Bwanali apichira fodya. “Chingerezi chabwino ichi, aphunzitsi, sichikhosomoletsa.”

Masamba 190 ndi 191: mbuzi. Ndaipeza ikumalizira. Yandiyang'ana ngati ikudziwa wakupha.

Masamba asanu ndi limodzi: dalaivala wa minibasi, wagulira banja lonse. Pano ali ku Monkey Bay.

Tsamba 177: ndalipeza m'ngalande. Akufotokoza makatani.

Lomaliza: mayi wina wa kuseri kwa chigayo wakolezera mbaula. Akuti linayaka bwino.

Halima wabwera madzulo kudzayeserera moni. Ndamulowezetsa pamtima moni wautali wa mu Nambala 1, wa anthu olemekezeka. Za buku sindinamuuze. Pakamwa paja lero pauma.

Loweruka

Foni yalira nthawi yake. Halima pamkeka, foni pakati, mawu okweza. Mkulu wake pakhomo la khitchini, manja pachifuwa. Ine pampando, Nambala 1 pamiyendo ngati mboni.

Moni wanga uja wautulutsa wonse, wopanda cholakwa. Kenako madamu akupempha kuti abwereze, sanamve. Wabwereza theka, wakakamira. Wayang'ana ine. Wayang'ana thumba la malaya anga momwe muli cholembera. Funso lachiwiri, inde. Lachitatu, inde. Lachinayi silinali la inde, koma inde.

Mawu a madamu ayamba kuzizira, aja a munthu amene akufunafuna potsanzikira. Mwa mwambo chabe akufunsa kuti nanga ukakhala wopanda ntchito umakonda chiyani.

Kuwerenga.

Kuwerenga chiyani?

Ndakweza Nambala 1 m'mwamba, ndikuloza ndi chala. Halima wandiyang'ana kamodzi. Watembenuka pamkekapo, wandipatsa msana.

Wayamba za hotela.

Zolakwika! Dzulo ndi mawa zasakanizika. Dokotala wasanduka mkazi kawiri, wophika katatu. Cholembera chikundiyabwa pachifuwa. Koma injini yalira, abale, yalira osakokanso chingwe. Akusintha mawu: apa namwino, apa wapolisi waulesi, apa mayi wa hotela akuyankha foni. Madamu akuseka. Akufunsa, Halima akuyankha. Akutsutsa, Halima akutsutsanso! Mphindi khumi zathunthu.

Pomaliza madamu akuti: ndiye anapha ndani?

“Sindinamalize, madamu. Alamu anga anandilanda.”

Chiganizo chimenechi ndiye wachinena m'Chingerezi changwiro.

Madamu akuti abwere nalo bukulo, akamalizire limodzi ana akagona. Ntchito yatheka. Nthungululu kukhitchini, anansi athamangira, nkhuku yagwidwa.

Phokoso litachepa Halima waima patsogolo panga, dzanja tambalale. “Foni yatha, alamu.”

Ndapereka. Waliyeza m'manja. Watsegula kumbuyo. Tsamba 172. Ndawonjezera 198 la mafuta ndi 177 la makatani. Ndafotokoza za thumba, za Juma, za mbuzi. Sanaseke, ngakhale pa mbuzi pomwe ndimayembekeza.

Ndati asadandaule, mathero ndimufotokozera ine.

“Anu aja ayi, alamu. Lakuda lija ndinasuzumira kumapeto dzulo. Mtsikana munamukwatitsa uja anafa pa tsamba 600. Kavalo mulibemo.”

Nkhuku ndadya phiko lokha.

Lamlungu

Wapita. Minibasi ya m'mawa kupita ku boma, kumeneko akwere ya ku Joni.

Katundu: chikwama chimodzi, usipa wa mwamuna wake, ufa wa kondowole, kabuku kopanda chikuto kokulungidwa m'mpango. Pa mndandanda wanga sanatengepo ngakhale dikishonale.

Akuti ku Joni masitolo a mabuku ndi aakulu, akalifunafuna. Sindinafunse kuti akafunsa bwanji. Dzina la buku sadziwa. Wolemba sadziwa. Akalowa n'kunena kuti ndikufuna lija la hotela, la munthu wakufa. Nanga kwa madamu akafika nalo bwanji, lopanda mutu lopanda mchira? Miyezi iwiri ya chala pamzere. Anatsala ndi masamba makumi anayi, ndipo buku loyamba m'moyo mwake akanalimaliza. Ine ndikanamaliza langa loyamba tsiku lomwelo.

Ndapepesa pa siteji. Wati zatha, alamu. Mwina zathadi. Minibasi ikunyamuka watulutsa mutu pawindo.

“Ndi wophika!”

“Dokotala!” ndakuwa, ine mkulu wathunthu, pamaso pa anthu a njinga.

Fumbi.

Kunyumba mayi akufunsa ngati mabuku a m'sutikesi ndathana nawo. Akuti lakudalo lokha lingawafikitse mpaka mvula. Ndati adikire.

Mndandanda wokonzedwanso wa mabuku oyenera wophunzira Chingerezi:

1. Lomwe wamupeza akuwerenga kale.

Nambala 2 sindinaipeze.

Masana ndakhala pakhonde, pamalo pa Halima, lakuda lija m'manja, moongoka. Chala pamzere. Tikiti ya ku Zomba ndaichotsa pa tsamba 12, ndaiika pa 13.

Sanafe munthu.