Timbale tanga pansi pa nkhuku ya apongozi

Anzanga, chidwi chikachuluka chimalowetsa munthu m'mavuto. Ine chinatsala pang'ono kundilanda banja ndisanalilowe n'komwe.

Nthawi imeneyo ndinali pakoleji ku Chipata, kuphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaononga chakudya. Mu labu timakhala ndi timbale tokhala ndi kaphala koundana. Ukapakapo kanthu n'kuika pofunda, tizilombo timaswana mpaka kuoneka ngati chuku. Ine zimenezi zinandilowa m'magazi, chilichonse ndinkafuna kudziwa kuti muli chiyani.

Ndiye bwenzi langa Lazaro, titangochita chinkhoswe, ananditenga kwawo ku Kasenengwa kuti ndikacheze ndi amayi ake. Mayi aulemu wawo, a kolona m'khosi, ndipo ndinkadziwa kuti akangoti "uyu ayi," ukwati watha. Anzanga popita kwa apongozi amanyamula shuga ndi chitenje. Ine shuga ndinanyamula, koma pansi pachikwama ndinaikanso timbale. Ndinkapita kukatani nato? Musandifunse.

Masana amayi anatiphikira thobwa lokoma zedi, tinamwa pamodzi ndi azakhali ake a Lazaro. Ndikumwa, mutu uli pa makapu. Kodi madzi apachitsime aja amatsukadi bwino? Kodi pamlomo pa kapu pamatsala chiyani munthu akamwa? Ndinadzipereka kukatsuka ziwiya, amayi n'kumandiyamikira kuti mwana wolangidwa. Kuseri kwa thandala, ndisanatsuke, ndinapukuta kapu iliyonse ndi kathonje, n'kupaka pambale yakeyake, yanganso. Kuopa kusokoneza, ndinalemba mayina monga timachitira mu labu: Amayi, Lazaro, Azakhali, Ine.

Tsono pofunda ndipapeza kuti? Kumudzi kulibe kabokosi kamagetsi kamene timafunditsira timbale mu labu. Ndikuganiza choncho, ndinaona nkhuku ya amayi ikufungatira mazira m'dengu kukhitchini. Ndinati ee, nzeru ndi izi! Ndinaisuntha, iyo n'kundijompha padzanja, koma ndinalimba mtima n'kulowetsa timbale pansi pa mazira. Ndinachoka ndikudzitama mumtima.

Patapita masiku, m'mawa ndikusesa pabwalo, ndinangomva amayi akukuwa, "Mayo! Mariya Woyera! Lazaro, thamanga kuno!"

Nkhuku ija inali itanyanyala, dengu osalifunanso, ndiye amayi anapita kukaona chavuta n'chiyani. Ndinawapeza atandandalika timbale pamphasa ndi kamtengo, osafuna kukhudza. Mkatimo mutamera zaubweya, zoyera, zachikasu, zina zobiriwira, pamwamba pali dzina la munthu. Azakhali ake a Lazaro anali atatenga kale botolo la madzi odalitsa, akuwaza khitchini yonse, nkhuku yomwe.

Inu mukanaganiza chiyani? Mkazi wachilendo, mayina a eni mudzi, zinthu zaubweya, pansi pa nkhuku!

"Mwana wangayu akumudyetsa mankhwala," anatero azakhali akuloza Lazaro. "N'chifukwa chake wangoti phee ngati wathiridwa madzi."

Lazaro naye m'malo mondithandiza anangoti kukamwa yasa, akuyang'ana mbale ya dzina lake. Mantha anandigwira. Ndinagwada pansi.

"Amayi, pepani, si mankhwala ayi. Ndi sukulu."

"Sukulu yake iti yolowa m'dengu la nkhuku yanga, mayi?"

Ndinafotokoza zonse, za makapu, za kathonje, za tizilombo. Ndinati n'tizilombo totsala pakapu, tina tabwino ngati timene timasasitsa thobwa, tina tomwe timatsegula m'mimba. Amayi anasendera pafupi, n'kuwerama, n'kuyamba kusuzumira mbale yawo.

"Ndiye mukuti izi zinali pakapu yanga? Zamoyo?"

"Inde, amayi."

"Zimadya chiyani? Zili ndi pakamwa?"

Mtima unayamba kukhala pansi. Ndinaona kuti chidwi si changa ndekha, ndipo ndinayamba kuphunzitsa ngati ndili m'kalasi, manja m'mwamba, kunenanso kuti mbale yodzaza kwambiri ndiye kuti kapuyo inali ndi tizilombo tambiri. Pakamwa pangapa!

Amayi anayang'ana yawo, timadontho towerengeka. Ya Lazaro chimodzimodzi. Ya azakhali, eya, pang'ono ndithu. Kenako anakoka ndi kamtengo mbale yomaliza, yodzaza mpaka m'mbali, ubweya wokhawokha ngati chimanga choolera m'nkhokwe.

"Nanga munda uwu ndi wa ndani?"

Lazaro anawerenga mokweza, wopanda chisoni uja. "Palembedwa kuti Ine."

Kapu yanga ndinaigwira ndi manja omwe ndinasesera khola la mbuzi m'mawa wa tsiku la thobwa lija pofuna kuoneka wakhama, ndipo sopo sindinamuone. Azakhali anaseka mpaka madzi odalitsa kutayika. Amayi anapukuta misozi ndi chitenje n'kunena kuti, "Lazaro, mkwatire. Mfiti singadzilodze yokha chonchi."

Mazira onse anasukusa, ukwati unachitika. Koma mpaka lero ndikangofika ku Kasenengwa, moni asanabwere, amayi amatuluka ndi beseni ndi sopo. "Sambani kaye, aphunzitsi, thobwa langa lisadwale." Timbale ndinalumbira kuti tizithera mu labu, ndipo nkhuku yofungatira ndikaiona ndimailambalala mwaulemu.