Anawongola Waya wa Pulofesa

Pulani yonse inabadwira pa tebulo lonyowa la m'bala, ndipo mzamba wake anali Ubongo, munthu amene anadzipatsa yekha dzinalo ataona kuti palibe amene akufulumira kumupatsa.

"Amangwetu, iyi ndi dilu yoyera," anauza Zala ndi Chigubu, anzake pa ntchito ya manja aatali. "Dokotala wina wansanje akufuna zidole ziwiri za mu labu ya pulofesa mnzake. Zawaya basi."

Zidolezo zinali zifanizo za RNA ya mu raibosomu, kamakina kopanga mapuloteni m'maselo a zamoyo: china cha bakiteriya, china cha nkhungu. Pulofesa anazipinda ndi manja ake kuti aone pamene mankhwala angagwire. Dokotala anafotokoza zonsezi, koma m'mutu mwa Ubongo munangotsala mawu akuti waya.

"Nanga alamu akamva?" anafunsa Zala. Mkazi wa Ubongo anali atalumbira kuti bamboyo akadzangomangidwanso, adzapeza m'nyumba mulibe ngakhale supuni. Ndipo Ubongo, ndi kupusa kwake konse, mkaziyo ankamukonda.

"Lomwe linamangidwapo ndi thupi langa," anayankha. "Nzeru sizinamangidwepo."

Analowa masana pulofesa atapita kukadya, atavala ngati okonza mipopi, paipi yaitali ili paphewa. Zidole zinali pa tebulo, zopotanapotana ngati matumbo a nkhuku. M'paipi zinakana kulowa.

"Wongolani," analamula Ubongo.

Chigubu anaponda uku, Zala nakoka uko. Thukuta la zaka zambiri linawongoka bwinobwino ngati chingwe choyanikira zovala. Ubongo mpaka anamumvera chisoni pulofesa: munthu wophunzira chonchi, kulephera kusunga waya mwaudongo.

Dokotala atasolola mawayawo anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando.

"Ine ndimafuna mapindidwe ake. Chinsinsi chonse chili m'mene wapindikira. Wa bakiteriya ndi uti apa?"

"Onse ndi anu, bwana," anatero Chigubu mwaulemu.

Anathamangitsidwa. Kunyumba kwa Zala anayesa kupindanso, koma chimene chinatuluka ndi galimoto ya ana, yokhala ndi chiwongolero chomwe.

"Safunsa anadya phula," anatero Ubongo. "Mwini wake alipo, tikamufunse."

M'mawa mwake akatswiri athu anagogoda pa labu, waya uli m'manja. Pulofesa anatsegula chitseko, maso ali psuu, kumbuyo kwake kuli apolisi awiri amene ankadandaula kuti akubawo sanasiye chizindikiro chilichonse.

"Pepani bambo, sitichedwa," anatero Ubongo. "Apa munayamba kupindira kumanzere kapena kumanja?"

Wapolisi wina anavula chipewa. Pa ntchito yake yonse anali asanathandizidwepo chonchi.

Mkazi wa Ubongo anabwera kupolisi kamodzi kokha, galimoto ya katundu ikudikira panja. Ubongo anagwira zitsulo za chitseko.

"Supuni ndatenga, bambo," anatero mayiyo. "Ndakusiyirani waya woyanikira zovala. Ndi wowongoka kale, simuvutika nawo."